Theka la mzere: zomwe achinyamata olankhula Chirasha atsala nazo

Ku Russia mwana akatuluka m'chipinda n'kusiya magetsi akuyaka, mayi ake sataya nthawi kumufunsa chifukwa. Amangomufunsa ngati Pushkin ndiye abwere kudzazimitsa. Kondakitala akagwira munthu amene wakwera basi osalipira, funso lake ndi lomwelo: kodi alipire ndi Pushkin? Alexander Pushkin, mlakatuli amene agogo a mayi ake, Abram Gannibal, adachokera kuno ku Africa, adamwalira mu 1837 ali ndi zaka 37, atawomberedwa pamimba ndi Georges d'Anthès pa mkangano wokhudza mkazi wake. Koma dzina lake likugwirabe ganyu m'makhitchini ndi m'mabasi, ndipo palibe amene amafunsa kuti ndi Pushkin uti.

Dzinalo ndi chiyambi chabe. Chirasha cholankhulidwa pamsika, mu ofesi ndi m'nyumba ya malamulo n'chodzadza ndi tizidutswa ta mabuku. Wina amatchula theka la mzere wa ndakatulo, mnzake n'kumalizitsa, monga muja wamkulu kwathu kuno amangoti "chaona mnzako chapita" n'kusiyira pomwepo, podziwa kuti womverayo amaliza yekha mumtima. Kusiyana kwake n'koti mwambi wathu ulibe mwini, pomwe wa ku Russia uli ndi mlembi wake, chaka chake ndi tsamba lake. Eni ake amati amenewa ndi mawu a mapiko, ndipo adawasonkhanitsa m'mabuku: la Sergei Maksimov lidatuluka mu 1890, la Nikolai ndi Maria Ashukin mu 1955, ndipo lachiwirili lasindikizidwa kangapo konse.

Tsopano akuluakulu akudandaula kuti mapiko aja akuthothoka. Mphunzitsi wa payunivesite amaponya theka la mzere akuyembekeza kuti kalasi yonse iseka, koma m'kalasimo muli zii, maso onse ali pafoni. Mkonzi wa nyuzipepala amapotoza dala mzere wodziwika kuti ukhale mutu wa nkhani, mtolankhani wachinyamata n'kubwera kudzamuuza mwaulemu kuti pena pake palakwika. Dandaulo limeneli si lopanda pake. Kungoti odandaulawo amaganiza kuti achinyamata aiwala zonse mofanana, komanso kuti iwo eni ankakumbukira chifukwa chokonda kuwerenga basi. Zonse ziwirizi sizili choncho.

Mmene dziko lonse lidalowezera tsamba limodzi

Tiyambe ndi sewero limene labala mawu otere ambiri zedi, Gore ot uma, kapena kuti tsoka lobwera chifukwa cha nzeru. Alexander Griboyedov adalimaliza mu 1824, akuluakulu a boma la mfumu n'kuletsa kuti lisasindikizidwe kapena kuseweredwa. Anthu adayamba kulikopera pamanja, uyu kubwereka kwa uyo, kuchezera usiku ndi nthenga ndi inki. Pushkin adaliwerenga mu Januwale 1825 ali pa ukaidi wosachoka pamudzi ku Mikhailovskoye, ndipo adalosera m'kalata kuti theka la mizere yake lidzasanduka miyambi. Zidachitikadi. Griboyedov mwini sadazione. Adaphedwa ndi khamu la anthu olusa ku Tehran mu 1829 ali kazembe wa dziko lake.

Komabe amene ankaloweza Griboyedov nthawi imeneyo adali kagulu kochepa ka anthu a m'mabanja apamwamba. Kalembera wa 1897 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa asanu alionse mu ufumuwo ndiye ankatha kuwerenga. Mlimi wa ku Tambov sankamudziwa Tatyana wa m'buku la Pushkin la Yevgeny Onegin kapena Chatsky wa m'sewero la Griboyedov. Chimene lero chimaoneka ngati chuma cha mtundu wonse chidawumbidwa pambuyo pake, ndipo wowumba wake adali boma la Soviet Union. Mu Disembala 1919 lidalamula kuti aliyense wa zaka 8 mpaka 50 aphunzire kuwerenga ndi kulemba. M'zaka za m'ma 1930 lidakhazikitsa mabuku a sukulu ofanana m'dziko lonse. Kenako mu 1937, chaka chomwecho chimene anthu ankatengedwa usiku n'kukawomberedwa m'zipinda za pansi, boma lidachita mwambo waukulu wokumbukira kuti patha zaka 100 Pushkin atamwalira. Tauni ya Detskoye Selo idasinthidwa dzina n'kukhala Pushkin, nyumba yosungiramo zojambulajambula ya ku Moscow idapatsidwanso dzina lomwelo, misewu, malaibulale ndi masukulu n'kutsatira.

Kuyambira pamenepo mwana wa ku Minsk, wa ku Tashkent ndi wa ku Vladivostok ankatsegula tsamba limodzi pa msinkhu umodzi. Ndipo sankangowerenga. Mphunzitsi ankatsegula kaundula n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono pamayina, kalasi yonse mitima ili m'mwamba. Wotchulidwayo ankapita kutsogolo pabolodi, manja kumbuyo, n'kulakatula popanda buku. Atsikana ankaloweza kalata ya Tatyana yopita kwa Onegin, anyamata kalata ya Onegin yopita kwa Tatyana. Wolakatula bwino ankapatsidwa 5, wokakamira panjira 2, ndipo malikisiwo ankalembedwa m'kabuku kamene kholo linkasainira kumapeto kwa sabata. Ntchitoyi inkayamba mwana asadalowe n'komwe sukulu. Pa Chaka Chatsopano kamwana ka zaka zinayi kankaimikidwa pampando pafupi ndi mtengo wokongoletsedwa, kuti kalakatule ndime imodzi pamaso pa Ded Moroz, nkhalamba ya ndevu zoyera yogawa mphatso. Switi inkabwera ndime ikatha.

Padalinso chifukwa china chimene sichidalembedwe mu silabasi. M'dziko limene pepala linkatha kumangitsa munthu, m'mutu ndimo mokha apolisi sankatha kusecha. Mwana wa mlakatuli Anna Akhmatova atamangidwa mu 1938, mayiyo ankasunga ndakatulo zake za Requiem motere: mnzake Lydia Chukovskaya akabwera kudzacheza m'chipinda chake ku Leningrad, Akhmatova ankalankhula mokweza za tiyi kapena za nyengo, kuti ngati khoma lili ndi makutu limve zimenezo, dzanja lake likulemba mizere pakapepala. Chukovskaya ankawerenga chamumtima mpaka italowa, n'kubweza kapepalako. Akhmatova ankayatsa machesi n'kukatenthera m'kambale kotayira phulusa la fodya. Ndakatulozo zidakhala m'mitu ya anthu ochepa kwa zaka zambiri, ndipo ku Soviet Union zidasindikizidwa mu 1987. Nadezhda Mandelstam adasunga momwemonso ntchito ya mwamuna wake Osip, amene adafera m'ndende pafupi ndi Vladivostok mu 1938. Alexander Solzhenitsyn ali pa ukaidi adaloweza mizere yakeyake pafupifupi 12,000, akuwerengera pa kolona ya buledi wouma imene adamupangira akaidi anzake a Chikatolika ochokera ku Lithuania. Yevgenia Ginzburg akusimba kuti m'sitima yonyamula akaidi yopita kum'mawa ankalakatulira amayi anzake, mkulu wa asilikali olondera n'kulowa mwaukali akufuna buku limene ankaganiza kuti abisa. Buku mudalibe. Adamulamula kuti alakatule kwa theka la ola osakakamira, iye akuyang'ana wotchi. Mayiyo adamupatsa Yevgeny Onegin.

Kwa mbadwo umenewo ndi ana ake, mzere wa ndakatulo udali chizindikiro chodziwirana. Ukatchula theka pakati pa anthu achilendo, amene wamwetulira ndi wako. Unkathanso kunyoza nawo akuluakulu a chipani cholamula osatchula dzina la munthu: ungotchula meya wakatangale wa m'sewero la Nikolai Gogol, onse amva. Mlakatuli Joseph Brodsky atathamangitsidwa kwawo mu 1972 n'kuyamba kuphunzitsa ku University of Michigan, adadabwitsa ophunzira a ku America powalamula kuti aziloweza ndakatulo. Kwawo imeneyo idali ntchito ya mwana aliyense wa pulayimale.

Chimene akuluakulu sakonda kuvomera n'chakuti zambiri zomwe amati adazitenga m'mabuku adazitenga pa wailesi ya kanema. Matchanelo adali ochepa, ndipo filimu imodzi inkaonedwa ndi dziko lonse usiku umodzi, n'kumabwerezedwa chaka ndi chaka. Buku la Ilf ndi Petrov la 1928 lonena za mipando 12 ndi tambwali Ostap Bender lidajambulidwa kawiri m'zaka zisanu, mu 1971 ndi mu 1976. Nkhani ya Mikhail Bulgakov ya galu wosandutsidwa munthu idalembedwa mu 1925, idaloledwa kutuluka mu 1987, ndipo chaka chotsatira idakhala filimu imene mawu ake adalowa mkamwa mwa aliyense. Filimu ya Eldar Ryazanov imene yakhala ikuonetsedwa pa Chaka Chatsopano kuyambira 1976 ili ndi nyimbo zomwe mawu ake ndi ndakatulo za Marina Tsvetaeva, Boris Pasternak ndi Bella Akhmadulina. Alipo a zaka 60 amene amaimba ndakatulo ya Tsvetaeva pamtima akuyesa ndi nyimbo ya Alla Pugacheva.

Mayeso atasintha, chidule chidalowa

Soviet Union itagwa mu 1991, masukulu adayamba kusankha okha mabuku, matchanelo adachuluka, mantha adachepa, kenako kudabwera intaneti. Koma chimene aphunzitsi a mabuku amachiloza chala kwambiri ndi mayeso omaliza sukulu a EGE, amene adakhala okakamiza m'dziko lonse mu 2009. Pa mayesowa chiyankhulo cha Chirasha ndi masamu n'zosathawika, pomwe phunziro la mabuku ndi losankha, ndipo olisankha ndi ochepa, makamaka ofuna kukachita utolankhani, zisudzo kapena maphunziro a ziyankhulo. Chimangirizo chachitali chimene mibadwo yakale inkalemba pomaliza sukulu chidachoka. Mwana wa zaka 16 ndi wochenjera. Sataya madzulo ake pa Nkhondo ndi Mtendere ya Leo Tolstoy, ya mavoliyumu anayi, tsogolo lake lili pa masamu ndi fizikisi.

Boma lidaona vutoli, ndipo mu Disembala 2014 chimangirizo chidabwerera, Vladimir Putin atalamula chaka cham'mbuyo. Wophunzira wa kalasi 11 amalemba mawu osachepera 250, ayenera kutchulamo buku ngati umboni, ndipo palibe malikisi, ndi kukhoza kapena kulephera basi. Zomwe ana adachita nazo aliyense wolera ana akadazilosera. Pa intaneti padabuka nkhokwe za "maumboni": ukafuna chitsanzo cha chikumbumtima, tenga Raskolnikov wa m'buku la Fyodor Dostoevsky, cha kudzipereka, tenga Sonya wa m'buku lomwelo, cha kusunga ulemu, tenga Grinyov wa m'buku la Pushkin la mwana wamkazi wa kaputeni. Masamba monga Briefly amapereka chidule cha buku lililonse la sukulu, choti n'kumaliza uli m'basi.

Apa ndiye pagona nkhani. Chidule chimasunga zochitika, mayina ndi phunziro lake. Chimene chimataya ndi mawu enieniwo, momwe adasanjidwira ndi kamvekedwe kake, ndipo mawu a mapiko amakhala mmenemo. Wophunzira atha kudziwa bwinobwino kuti Chatsky adabwerera ku Moscow patatha zaka zitatu, kuti Sofia adamukana n'kukonda Molchalin, kuti pa phwando anthu adafalitsa mbiri yoti wapenga, n'kukhoza mayeso ake. Koma agogo ake akatchula zimene Famusov, bambo ake a Sofia, adanena, iye amangomva ngati ndi Chirasha cha nkhalamba.

Zimene zakana kufa

Chomwe chidalowa munthu asadadziwe kuwerenga sichichoka msanga. Mizere yoyamba ya ndakatulo ya Pushkin ya Ruslan ndi Ludmila, ija ya mphaka wophunzira woyenda pa unyolo, amaidziwa pafupifupi mwana aliyense woleredwa m'Chirasha. Chimodzimodzi nthano ya msodzi ndi kansomba kagolide, imene imatha gogo wadyera atabwerera pa beseni lake losweka lochapira. Chimodzimodzinso Ivan Krylov, amene adalemba nthano pafupifupi 200: khwangwala amene nkhandwe idamunyengerera kuti aimbe mpaka tchizi chidagwa, pusi amene adapeza magalasi n'kumawaika pamchira ndi kuwanyambita, ndi zolengedwa zitatu, mbalame, nsomba ndi nkhanu, zomangidwa pangolo imodzi, ina kukokera kumwamba, ina kumadzi, ina cham'mbuyo. Nduna zikamakangana, mtolankhani amangotchula zitatuzo, wa zaka 18 n'kumva. Zimenezi alonda ake ndi agogo aakazi, makatuni ndi sukulu za mkaka.

Mayina a anthu a m'mabuku nawonso ndi olimba, ngakhale si onse. Plyushkin, mwini minda waumbombo wa m'buku la Nikolai Gogol la 1842, amene ankatola chilichonse mumsewu mpaka nyumba kudzadza zinyalala, ali moyo ndithu: matenda osunga zinthu zopanda ntchito anthu wamba amawatchula ndi dzina lake. Oblomov wa Ivan Goncharov, wa 1859, amene amatha masamba ambirimbiri oyambirira asadadzuke pogona, sangafe ulesi ukadalipo. Koma Manilov, wolota milatho imene sadzamanga, ndi Molchalin, wokwera maudindo pogwadira mabwana, akuoneka kuti akubwerera m'mabuku momwe adachokera, ngakhale anthu a mtundu wawo sadachepe.

Ndiye pali zimene zapulumuka posanduka nthabwala. Pa masamba a mchezo a VKontakte ndi Telegram, Raskolnikov ndi mnyamata wa nkhwangwa uja, Anna Karenina wa Tolstoy ndi mayi wa sitima, Andrei Bolkonsky wa mu Nkhondo ndi Mtendere ndi uja adatengeka ndi mtengo wokalamba. Funso loti Gerasim adamiziranji kagalu kake Mumu, nkhani ya Ivan Turgenev imene imaliza ana a kalasi 5, labala zithunzi zoseketsa zosawerengeka. Wina atha kunyansidwa nazo. Ine ndikuona kuti nthabwala yotere siseketsa munthu amene sadziwa kalikonse za bukulo, choncho kusekako ndi umboni woti china chake chidalowa. Annushka wa m'buku la Bulgakov la Master ndi Margarita, mayi amene adataya mafuta ophikira a mpendadzuwa pafupi ndi njanji ya tramu, mkonzi Berlioz n'kuterereka n'kudulidwa mutu, amatchulidwabe pamene tsoka lanyamuka kale ndipo silingabwezedwe. Filimu ya Mikhail Lockshin ya 2024 idadzadzitsa nyumba za kanema n'kubwezera bukulo m'manja mwa achinyamata.

Nthawi zina khomo limatseguka kumene aphunzitsi sayang'anako. Mu Ogasiti 2017 oimba rap awiri, Oxxxymiron ndi Slava KPSS, adalimbana pakamwa m'bala ina ku St Petersburg, ndipo kanema wake adaonedwa ndi anthu mamiliyoni m'masiku ochepa. Pakati pa kutukwanizana, Oxxxymiron, amene adaphunzira mabuku a Chingerezi ku Oxford, adalakatula Nikolai Gumilev, mlakatuli amene adawomberedwa mu 1921 ndipo ntchito zake zidali zoletsedwa kwa zaka zoposa 60, n'kutchulanso buku la Joseph Campbell lonena za ngwazi za m'nthano. Ogulitsa mabuku adangoona Campbell akutha m'mashelefu. Zaka khumi izi zisadachitike, gulu loimba la Splean lidali litaika kale m'nyimbo ndakatulo yachikondi ya Vladimir Mayakovsky, achinyamata n'kumaiimba nawo m'mabwalo.

Chimene chikutayika kwenikweni ndi zozungulira mzerewo: adaunena ndani, kwa yani, akuseka kapena akulira. Koma apa akuluakulu asathamangire kuloza chala, chifukwa matendawa adayamba ndi iwo. M'sewero la Griboyedov muli mzere wonena za utsi wa kwanu. Andale amautchula dzanja lili pamtima. Chonsecho Chatsky amaunena ali mkati monyogodola achibale ndi anansi a ku Moscow mmodzimmodzi, ndipo Griboyedov naye adachita kuubwereka kwa mlakatuli wakale Gavrila Derzhavin. Kalata yopanda adiresi yomveka amaiseka potchula Vanka wa Anton Chekhov, nkhani ya 1886, kuiwala kuti Vanka ndi mwana wamasiye wa zaka 9 amene akumenyedwa kwa wosoka nsapato, akupempha agogo ake adzamutenge asadafe, m'kalata imene singafike. Chonena chotchuka choti Russia ili ndi mavuto awiri, zitsiru ndi misewu, amati ndi cha Gogol, koma m'zolemba zake mulibe. China, chonena za jasi la m'nkhani ya Gogol, amati adanena ndi Fyodor Dostoevsky, chonsecho akatswiri adachilondola mpaka kwa Mfalansa Eugène-Melchior de Vogüé. Intaneti idangowonjezera liwiro. Faina Ranevskaya, katswiri wa zisudzo amene adamwalira mu 1984, "akunenabe" nthabwala zatsopano chaka chilichonse.

Ndipo Yuri Lotman, katswiri wa ku Tartu, atatulutsa buku lofotokozera Yevgeny Onegin mu 1980, adalilembera aphunzitsi, chifukwa ngakhale iwo ankafunika wowauza tanthauzo la maudindo, magule, zovala ndi malamulo owomberana a m'ma 1820. Umenewo ndiwo mbadwo umene lero umadzitama kuti unkawerenga koposa.

Katswiri wa ziyankhulo Yuri Karaulov adalemba mu 1987 kuti munthu aliyense amayenda ndi nkhokwe ya nkhani zimene iye ndi omuzungulira amazidziwa, zomwe amazitchula mobwerezabwereza osafunika kufotokoza. Achinyamata a lero nkhokwe yotere ali nayo, ndipo ndi yodzadza. Muli Harry Potter, amene adayamba kutuluka m'Chirasha mu 2000, Shrek wolankhula Chirasha, makatuni a Smeshariki, mafilimu awiri a Brat a 1997 ndi 2000, masewera a pakompyuta, makatuni a ku Japan. Amaponyerana matheka a mizere mwaluso lomwelo la makolo awo. Vuto lake n'loti nkhokwezo n'zambiri, ndipo zam'kati mwake zimavunda msanga. Nthabwala ya chaka chatha yakalamba kale, ndipo wa zaka 25 samva zoseketsa wa zaka 15. Mzere wa Krylov wagwira ntchito zaka 200 pakati pa agogo ndi mdzukulu, pakati pa pulofesa ndi dalaivala wa taxi. Zotere sizikubadwanso, ndipo pamenepa dandaulo la akuluakulu ndi loona. Akakwiya amatcha achinyamata kuti Ellochka, mkazi wa m'buku la mipando 12 lija amene ankayendetsa moyo wake wonse ndi mawu 30 okha. Chipongwecho chimangogwa pansi ngati wonyozedwayo sakumudziwa Ellochka.

Boma likuyesa kubwezeretsa zakale ndi zida zimene limadziwa. Chaka cha 2015 chidatchedwa Chaka cha Mabuku, ndipo mu Disembala anthu pafupifupi 1,300, kuphatikizapo Sergei Volkov ali m'chombo cha mumlengalenga, adawerenga mokweza Nkhondo ndi Mtendere yonse pa wailesi ya kanema kwa maola 60. Kuyambira Seputembala 2021 wachinyamata wa zaka 14 mpaka 22 atha kulandira khadi, nalonso lotchedwa Pushkin, lokhala ndi ndalama za boma zolowera ku zisudzo ndi ku nyumba zosungiramo zakale. Lidayamba ndi ma ruble 3,000, kenako 5,000. Mu 2023 masukulu onse adabwezeredwa pa silabasi imodzi ya mabuku, ndipo buku la Alexander Fadeyev la achinyamata olimbana ndi asilikali a Germany, limene lidali litachokamo, lidabwerera. Mndandanda boma litha kulamula. Silingalamule njala ija ya kale, madzulo opanda china chochita, buku lobwereka usiku umodzi wokha. Ndipo ntchito imene yakopa anthu mwa kufuna kwawo sidachokere ku unduna. Lembetso la Totalny diktant adaliyambitsa ndi ophunzira a payunivesite ya Novosibirsk mu 2004, ndipo chaka ndi chaka, kawirikawiri mu Epulo, anthu amakhala pamadesiki m'mizinda yambiri, kwawo ndi kunja, kulemba ndime imene wakonza mlembi wamoyo, monga Evgeny Vodolazkin mu 2015 kapena Guzel Yakhina mu 2018.

Olankhula Chirasha si onse ali ku Russia, ndipo kunjako nkhani ndi ina. Pafupifupi anthu miliyoni imodzi adasamukira ku Israel kuchokera m'mayiko a Soviet Union wakale m'zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira, enanso ambiri ku Germany ndi ku America. Zidzukulu zawo zimamva Chirasha cha kukhitchini, zimamudziwa mphaka uja ndi kansomba kagolide kuchokera kwa agogo, mwinanso ndakatulo ziwiri za sukulu ya Loweruka, koma Griboyedov sizidakumane naye, chifukwa zaka zimenezo zinkaphunzira m'Chihebri kapena m'Chijeremani. Ku Latvia masukulu adayamba kusamukira ku chiyankhulo cha dzikolo chokha mu 2023, ku Estonia mu 2024.

Ku Ukraine anthu sakuiwala, akukana. Asilikali a Russia atalowa m'dzikolo mu Febuluwale 2022, mizinda idayamba kuchotsa ziboliboli za Pushkin, kuyambira ku Mukachevo, Ternopil ndi Uzhhorod mu Epulo, mpaka ku Kharkiv mu Novembala. Ambiri kumeneko akayang'ana chiboliboli chimenecho ankaona chizindikiro cha ufumu umene udawalamulira. Chaka chomwecho unduna wa zamaphunziro udachotsa alembi ambiri a ku Russia mu silabasi. Mnyamata wa ku Kharkiv amene kunyumba amalankhula Chirasha ndi amayi ake tsopano amaloweza Taras Shevchenko ndi Lesya Ukrainka, ndipo Onegin sakumana naye m'kalasi. Mwa alembi akuluakulu amene atsala m'masukulu a mbali zonse ziwiri muli Gogol, wobadwira ku Sorochyntsi m'chigawo cha Poltava mu 1809, amene adalemba m'Chirasha. Ku Moscow amamuphunzitsa ngati mlembi wa ku Russia. Ku Kyiv amamutchula kuti Mykola Hohol, ndipo ana amamuwerenga atamasuliridwa m'chiyankhulo cha ku Ukraine.